Banjo, Babatoni ndi Amene Wagwira Makina Ojambulira

Babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi yaitali pafupifupi mamita 3. Ili ndi waya mmodzi yekha, thupi lake ndi ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo mwini wake amaiimba pomenya wayayo ndi kamtengo uku dzanja lina likuyendetsa botolo pamwamba pake kuti mawu akwere kapena atsike. Anthu a ku Ulaya ataiona pa intaneti anazizwa nayo, ndipo mpake, poti kwawoko kulibe. Chofunika kufunsa n'chakuti bwanji mnyamata wa ku Chilomoni kapena ku Area 25, amene agogo ake anavina nyimbo za zida zoterezi mpaka fumbi koboo, nayenso amaiyang'ana ngati yagwa kuchokera kudziko lina. Anthu ambiri amayankha kuti zida zimenezi zinatha ntchito, dziko linapita patsogolo. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pena. Chida choimbira chimatchuka kapena kuiwalika malinga ndi amene wagwira makina ojambulira pa nthawiyo, ndipo m'dziko muno makinawo ayenda kuchoka m'manja mwa mlendo wofufuza, kupita ku wailesi ya boma, kenako kwa amalonda a makaseti, mpaka kufika kwa mnyamata wa kompyuta m'chipinda chake chogona. Aliyense wa iwowa ankasankha chomwe chilowe ndi chomwe chitsale panja. Amene anakankhira banjo ndi babatoni kutali kwambiri ndi womalizayu, mwana wa pakhomo pomwepo, ndipo chomwe chazisunga zidazi mpaka lero ndi bwalo la anthu oonerera pamsika, pamowa ndi m'mphepete mwa msewu.

Tiyambe tachotsa kaye maganizo akuti kale kunali zida za makolo zomwe sizinkasintha, kenako n'kubwera zida zotolatola za anthu osauka. Bangwe ndi thabwa lopyapyala lobooledwa kumapeto konse, ndipo chingwe chimodzi chachitali chimalowetsedwa m'mabowomo uku ndi uku mpaka kupanga mizere 7 kapena kuposerapo, timitengo tating'ono n'kumakweza mizereyo. Waya atayamba kupezeka, oimba bangwe sanachedwe kumutenga, ndipo chikho chomwe chinkakuza mawu ambiri anachisinthanitsa ndi chitini cha palafini. Sanaone ngati aipitsa mwambo. Anamva kuti chitini chikulira kwambiri, basi. Ulimba wa Asena a ku Nsanje ndi Chikwawa uli ndi zikho pansi pa matabwa ake, ndipo pa kabowo ka chikho chilichonse amamatapo kanthu kopyapyala, kale kochokera ku chisa cha kangaude, kuti mawu azituluka monjenjemera. Kunjenjemera kumeneko, komwe oimba nsansi amakufunanso pomangirira tizitsekerero ta mabotolo kapena tizigoba pa chida chawo, n'kochita kufuna, ndipo khutu la kuno linakula likukumva ngati kukoma. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndi yomwe idzakanganitse zida zathu ndi situdiyo patapita zaka zambiri.

Banjo ndi gitala zinafala kuno makamaka nkhondo ya 1939 mpaka 1945 itatha. Asilikali a King's African Rifles anabwerera nazo kuchokera kumene anakamenya nkhondo, ndipo amuna omwe ankapita ku Joni pa Wenela, ku Halale ndi ku migodi ya Northern Rhodesia ankabwera ndi masutikesi, njinga, galamafoni ndi mbale zake. Amene analibe ndalama yogulira banjo ya m'sitolo anaiyang'anitsitsa n'kukasema yake. Thupi ankalipanga ndi chitini cha mafuta kapena mtengo wogoba wokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, zingwe n'kukhala waya wa mabuleki a njinga kapena ulusi wowedzera nsomba. Babatoni inachokera ku magulu a kwela a ku South Africa, komwe besi yake inali bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Itafika kuno inasintha: bokosi linasanduka ng'oma ya chikopa, ndodo inatalika, ndipo ena anaigoneka pansi n'kumaikhalira poimba. Ndi luso lomwelija la woimba bangwe, lomva chinthu n'kuchipezera thupi kuchokera pa zomwe zili pafupi.

Woyamba kuyenda ndi makina ojambulira m'midzi ya Nyasaland mwakhama anali Hugh Tracey, yemwe anajambula kuno mu 1950, 1957 ndi 1958. Ankayenda ndi galimoto zonyamula makina ndi jenereta, jeneretayo n'kuiika patali kuti phokoso lake lisalowe m'tepi, ndipo iye ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaisendeza kwa woimba uyu kenako uyo nyimbo ili mkati. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, yomwe mu 1978 inasamukira ku Rhodes University ku Grahamstown. Popanda ntchito yake, mawu a bangwe, kaligo ndi ulimba a zaka zimenezo tikanangowamva m'nkhani za akuluakulu. Koma tione kumene matepiwo anapita. Anawoloka Zambezi ndi Limpopo, n'kukasanduka mbale zogulidwa ndi masukulu a ukachenjede ndi nyumba zosungira mabuku. Woimba wa ku Dedza kapena ku Port Herald (komwe lero ndi Nsanje) anamva mawu ake kamodzi, Tracey atamubwezera tepi kuti amvere, ndipo kwa ambiri zinathera pomwepo. Kuyambira pachiyambi penipeni, kujambula kunatanthauza kuti nyimbo ikuchoka pamudzi. Ngakhale oimba a gitala omwe anatchuka nthawi imeneyo, monga a Paseli Brothers omwe anaimba za Napolo yemwe anasakaza Zomba mu 1946, ankadalira mbale zopangidwa kunja ndi wailesi ya ku Lusaka, ya Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsa m'Chinyanja. Kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1949, ndi kamene kanabweretsa mawu a Alick Nkhata ndi anzake m'nyumba za anthu wamba. Munthu wa ku Nyasaland ankamva chilankhulo chake chikuimbidwa kuchokera kudziko la eni.

Nkhani ya abale awiri a kwa Kachamba ndi yomwe imaonetsa bwino zonsezi. Daniel, wobadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald anakhalako ku Salisbury ali ana, kuyambira 1957 mpaka 1961, pa nthawi yomwe kwela ya Spokes Mashiyane ndi anzake inali m'kamwa mwa aliyense. Atabwerera kwawo kwa Singano pafupi ndi Chileka anapitiriza kuimba, ndipo mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mumzinda wa Blantyre. Gulu lawo linali ndi gitala, chitoliro chachitsulo, besi ya chingwe chimodzi ndi chisekese. Kubik anawajambula mawu ndi kanema, ndipo mu 1974 buku lake lonena za gululi linatuluka m'Chingerezi kudzera ku University of Zambia. Zomwe analemba n'zofunika chifukwa zimaonetsa kuti anyamatawa sankangokopera. Gitala wa m'sitolo amabwera ndi zingwe 6, koma Daniel ankachotsapo chimodzi n'kutsala 5, kenako n'kumuchuna m'njira zakezake kuti chala chachikulu chiziyenda ngati besi pomwe zala zina zikuyankha pamwamba, moti womvera pa wailesi ankaganiza kuti akuimba anthu awiri kapena atatu. Donald naye ankalowetsa chitoliro mkamwa mopendeketsa, chakutsaya, monga ankachitira anyamata a kwela, kuti chilire mokweza ndiponso kuti azitha kupinda mawu omwe wopanga chitolirocho sanawaganizire n'komwe. Pamene kwela inkazilala kwawo ku Johannesburg, ku Chileka inali ikuphukabe, limodzi ndi sinjonjo ndi simanjemanje. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa ku University of California ku Los Angeles mu 1999 asanamwalire mu 2001, ndipo Kubik mwiniwake anafika pomaimba nawo m'gulu lake. Moya Aliya Malamusi, wa m'mudzi womwewo wa Singano, anaphunzira ntchito yojambula ndi kufufuza n'kuyamba kusonkhanitsa nyimbo ndi zida za kuno. Ameneyu ndi mmodzi mwa Amalawi oyambirira kugwira makinawo ndi cholinga chosunga, ngakhale ntchito yake imadziwika kwambiri ku Vienna kuposa ku Lunzu.

Pano wina atha kunditsutsa kuti ndikukometsera umphawi. Anganene kuti palibe munthu amasema banjo ya chitini ali ndi ndalama ya gitala wamagetsi, ndipo oimba ambiri a zida zopanga okha akangopeza mwayi amazitaya. Mbali ina ndi zoona, ndipo sindikufuna kuti wina akhale wosauka n'cholinga choti ine ndizimva kukoma. Waya wa mabuleki amadula zala, chikopa chimalefuka kukachita chinyezi mpaka woimba amachiwamba pamoto asanayambe, ndipo chitini sichimveka m'holo yaikulu. Koma gitala wa Daniel Kachamba akutiuza kuti umphawi sufotokoza zonse. Iye anali ndi chida cha kufakitale m'manja, chathunthu, n'kuchichotsa chingwe dala. Chomwe ankafuna ndi kamvekedwe kena kamene chida chija sichinkapereka mmene chinabwerera. Chimodzimodzinso a Madalitso Band, omwe lero ayenda m'maiko ambiri ndipo akanatha kugula besi ya mtundu uliwonse, akuimbabe babatoni, ndipo gitala wawo ali ndi zingwe 4. Kusowa ndi kumene kunayambitsa zidazi, inde, koma pofika m'badwo wachiwiri zinali zitabala kaimbidwe komwe sikatheka pa chida china. Besi ya magetsi imatulutsa mawu oyera, pomwe babatoni imatulutsa mawu ndi kugunda nthawi imodzi, theka chingwe theka ng'oma, ndipo mavinidwe ake anamangidwa pa kugunda kumeneko.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, makina ojambulira anakhazikika ku Malawi Broadcasting Corporation (MBC), ndipo kwa zaka pafupifupi 30 woimba wofuna kumveka analibe khomo lina lenileni. Kampani ya Nzeru inayesako kutulutsa mbale koma sinakhalitse. Zoipa za nthawi imeneyo n'zodziwika: wailesi inali imodzi, wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999, lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa zosangalatsa, ndipo woimba ankayeza liwu lililonse asanalitulutse. Tepi ikajambulidwa inkatsala ku wailesi komweko. Komabe, pa nkhani ya zida zopanga pamanja, nthawi imeneyi inali yokomera kuposa zomwe zinabwera pambuyo pake, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi ngakhale zikuwawa. Ojambula a MBC ankaika gulu lonse patsogolo pa maikolofoni n'kulijambula likuimba pamodzi, mmene limaimbira pamsika. Boma linkafuna nyimbo zosonyeza chikhalidwe, wailesi inkafuna zodzazira mapologalamu, choncho magulu a banjo omwe ankadzitcha ma jazz band anapeza mpata. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band anamveka dziko lonse ndi banjo ndi ng'oma zopanga okha. Michael Yekha, a Ndingo Brothers ndi a Kasambwe Brothers a ku Ndirande analowa m'makutu mwa anthu kudzera khomo lomwelo. Mwana wokula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sakanaitcha banjo chida chachilendo, poti inkalira m'nyumba mwake m'mawa uliwonse. Izi sizikutanthauza kuti oimbawo anapindula. Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka, ndipo zina mwa nyimbo zake zomwe zinafika pa msika wakunja zinatuluka kudzera ku Pamtondo, kakampani kamene John Lwanda, dokotala wachimalawi wokhala ku Scotland, anakhazikitsa.

Kaseti ndi imene inathyola mpanda wa MBC. Ku Balaka, komwe gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, Paul Banda anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, ndipo m'zaka za m'ma 1990 oimba ankachita kukhamukirako. Ndale zitasintha mu 1994 milomo inamasuka, makaseti anadzaza m'misika ndi m'maminibasi, ndipo sitolo ya O.G. Issa inasanduka chipata chomwe pafupifupi chimbale chilichonse chinkadutsira. Bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, linayamba kulondola za umwini wa nyimbo. Kwa nthawi yoyamba Mmalawi ankatha kujambula, kugulitsa ndi kudya thukuta la nyimbo yake ali konkuno. Koma chida chomwe chinalamulira nyengo imeneyi chinali kiyibodi. Inkatulutsa ng'oma, besi ndi malipenga mwa munthu mmodzi, inkachepetsa anthu ofunika kulipidwa, ndipo kamvekedwe ka reggae ya ku Balaka kanakhala muyeso wa nyimbo yojambulidwa bwino. Wailesi zatsopano zitatsegulidwa, Power 101 mu 1998 ndi Capital FM mu 1999, zinkafuna mawu osalala ofanana ndi a nyimbo zakunja zomwe zinkaseweredwa motsatizana nazo. Banjo inayamba kumveka ngati ya kumudzi, yoyenera pologalamu ya nyimbo zakale.

Kenako kompyuta inalowa m'nyumba. Situdiyo ya makono ya m'makwalala a Ndirande, Kawale kapena Chibavi ndi kachipinda kamodzi: tebulo, kompyuta yogula kwa wina, pologalamu ya FL Studio kapena Cubase, kabokosi kolumikizira maikolofoni, masipika awiri, ndi makatoni a mazira kapena matiresi okhomedwa kukhoma kuti mawu asabwerere. Pakona pamakhala kamalo kotchinga komwe woimba amaimirira yekha, mahedifoni kumutu. Polodyusa amayamba wapanga biti, ndipo biti imeneyo imayenda pa liwiro limodzi losasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa kompyuta imadula nyimbo m'timagawo tofanana. Mawu a munthu amaikidwa pamwamba, mzere ndi mzere, ndipo akaphonya pang'ono pologalamu ina imawakokera pa mlingo wake. Tsopano lowetsanimo gulu la banjo. Choyamba, anthu anayi ndi babatoni ya mamita awiri kapena atatu sakwanamo. Chachiwiri, maikolofoni ndi imodzi, pomwe iwo sanazolowere kuimba mmodzimmodzi. Woimba banjo amatsatira phazi la mnzake wa ng'oma, wa ng'omayo amatsatira mapewa a ovina, ndipo nyimbo ikakoma liwiro limakwera. Kompyuta imaona kukwera kumeneko ngati kulakwitsa. Banjo yosema imachunidwa ndi khutu la mwini wake kuti igwirizane ndi mmero wake, choncho siigwirizana ndi kiyibodi. Ndipo kunjenjemera kuja, komwe wopanga ulimba amachita kukusakira kangaude, polodyusa wophunzira ntchito pa YouTube amakumva ngati phokoso loyenera kusefedwa. Poti amalipiritsa pa nyimbo iliyonse, ndiponso magetsi atha kuthima nthawi ina iliyonse, njira yachidule ndi kuuza wa babatoni kuti akhale pansi, besi aiimba pa kiyibodi. Palibe amene analetsa chida chilichonse. Makinawo anangopangidwira nyimbo za mtundu wina, ndipo amene anawagula anaphunzira kumva mmene makinawo amamvera.

Apa pali chitsutso champhamvu kuposa choyamba chija. Situdiyo ya m'nyumba yapatsa mwayi achinyamata ambirimbiri omwe pa nthawi ya MBC sakanaloledwa n'kuponda pakhomo. Mtsikana wa kwaya ya ku Mzimba kapena mnyamata woimba hip hop ku Zingwangwa safunikanso chilolezo cha munthu. Amajambula lero, mawa nyimbo ili pa WhatsApp ndi m'mamemori khadi a owotcha nyimbo kumsika. Ndipo ngati anthu akufuna amapiano ndi Afrobeats, ndani ali ndi mphamvu yowauza kuti azikonda bangwe? Zonsezi ndikuzivomera, ndipo sindikulakalaka kubwerera ku masiku a wailesi imodzi. Chomwe ndikukana ndi mawu akuti anthu anasankha. Munthu amasankha pakati pa zomwe zamufika m'khutu. Ngati kwa zaka 20 chilichonse chotuluka m'situdiyo chadutsa pa sefa imodzi, m'badwo wonse umakula osamvapo babatoni yojambulidwa bwino, yomveka kulemera kwake konse pa sipika yaikulu. Umangoimva pa matepi akale olira mluzu kapena pamsika pakati pa phokoso la maminibasi, ndiye n'kugamula kuti chidacho n'chosalongosoka, pomwe chosalongosoka ndi kajambulidwe. Umboni wake ndi zomwe zimachitika anthu omwewo akakumana nacho chidacho maso ndi maso pa siteji yokhala ndi zokuzira mawu zabwino: amavina, ndipo savina mwaulemu chabe.

N'chifukwa chake ndikunena kuti bwalo ndi limene lasunga zidazi. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anakhala zaka akuimba m'misewu ya Lilongwe, wina pa babatoni, wina pa gitala uku chidendene chikugunda ng'oma. Msewu ndi mphunzitsi wankhanza: nyimbo ikapanda kuimitsa munthu wopita kumsika, palibe ndalama, choncho chilichonse chosagwira mtima chimagwa chokha. Atakwera siteji ya Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 anali ataphikika kale, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kuitanidwa ku Ulaya, chimbale chawo cha Wasalala n'kutuluka mu 2019 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. A Malawi Mouse Boys, omwe ankagulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu, anajambulidwa panja, pamudzi pawo, ndi Ian Brennan wa ku America, chimbale chawo choyamba n'kutuluka mu 2012, ndipo chaka chotsatira anakaimba ku WOMAD ku England. Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino yemwe ankaimba banjo ya chitini m'misewu ya Lilongwe, anatulutsa chimbale mu 2019 mothandizidwa ndi Johan Hugo. Konkuno, maphwando a zoimbaimba monga Lake of Stars, lomwe linayamba mu 2004 ku Chintheche, ndi Tumaini la ku Dzaleka, loyamba mu 2014, apereka siteji kwa oimba otere pamaso pa achinyamata a m'tauni omwe sakanaima kuwamvera pa depoti. Mwa onsewa mulinso chinthu chimodzi chofanana: amene anawajambula bwino anachita kunyamula makina n'kuwatsatira, kapena kuwapatsa malo oti aimbe onse pamodzi, osawadula m'timagawo.

Mndandanda umenewu uli ndi chinthu chosautsa, ndipo owerenga atcheru achiona kale: mayina a ojambula ndi makampani ambiri ndi akunja, monga zinalili m'masiku a Tracey. Ena amati azungu amakonda zida zotere chifukwa zimakwaniritsa chithunzi chomwe ali nacho kale cha Africa wosauka koma wosangalala, ndipo kuti dzina ngati la Mouse Boys limagulitsa umphawi nyimbo isanayambe n'komwe. Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Nkhani zolembedwa kunja zokhudza oimbawa zimatha ndime zingapo pa chitini ndi waya zisananene kanthu za kaimbidwe, ndipo woimba wa ku Blantyre wodziwa bwino gitala wamagetsi savuta kuona kuti iye akanavala sanza akanaitanidwa msanga. Koma dandauloli likatha, funso limatsalabe kwa ife. Mlendo atha kukhala ndi zifukwa zolakwika zokondera babatoni, koma zimenezo sizipereka chifukwa chabwino choti polodyusa wa ku Lilongwe aikane. Makina omwe Tracey ankanyamula pa galimoto zingapo lero amakwana m'chikwama cha kumsana, ndipo mtengo wake sufika pa wa kiyibodi yabwino. Maikolofoni ziwiri kapena zitatu, kojambulira ka batire ndi khonde lopanda mphepo n'zokwanira kujambula gulu la banjo mmene limamvekera. Chosowa ndi khutu lokhulupirira kuti kamvekedwe kameneko n'koyenera kukasunga osakakonza. Oimba ngati Faith Mussa, yemwe amasakaniza gitala, badza ndi zipangizo zamakono pa siteji, akusonyeza kuti zida zakale ndi zamakono zitha kukhalira limodzi ngati woziyendetsa akuzilemekeza zonse.

Makina omwe afika posachedwa m'manja mwa anthu ambiri, foni ya kamera, ndi omwe ayamba kusintha zinthu mosayembekezeka, chifukwa foni sidziwa kudula nyimbo m'timagawo. Imajambula munthu, chida chake ndi malo ake nthawi imodzi, zolakwika ndi zokoma zomwe. Gasper Nali anadziwika chifukwa cha kanema wachidule wojambulidwa panja, ndipo chimbale chinachita kutsatira pambuyo. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, yemwe wakhala akuimba banjo ndi gitala kuyambira nthawi ya atsamunda ndipo anakaimbako ku Library of Congress ku Washington mu 2016, anafika kwa achinyamata a dziko lonse lapansi pamene kanema yemwe anajambula ndi Patience Namadingo mu 2020 anafalikira pa TikTok, nyimbo ya Linny Hoo n'kuonedwa maulendo mamiliyoni ambirimbiri. Atolankhani atapita kwawo ku Chiradzulu kumayambiriro kwa 2022 anapeza kuti mkuluyu alibe foni yoti n'kuonerapo TikTok, ndipo za kutchuka kwakeko ankachita kumva kwa anthu ena.